Lipoti la nkhani: kuyeza ululu wa mwana wa zaka 4 pambuyo pa opaleshoni ya chigongono

Nkhani iyi ndi yophunzitsira anamwino, ma clinical officer ndi madokotala a m'mawodi a ana. Yalukidwa kuchokera ku zomwe zimachitikachitika m'nyengo ya mango, choncho mulibe dzina la mwana kapena la chipatala. Ululu wa mwana wamng'ono ulibe makina ouyeza ngati mmene timayezera kutentha kwa thupi. Chomwe chilipo ndi kayezedwe komwe anthu awiri osiyana angathe kugwirizanapo, ndipo nambala zake zikamalembedwa motsatizana zimatha kuulula vuto dzanja lisanayambe kusintha mtundu.

Mmene mwana anafikira

Mnyamata wa zaka 4 ndi miyezi itatu, wolemera makilogalamu 16, anagwa mumtengo wa mango madzulo akutsatira akuluakulu ake, n'kufikira dzanja lamanzere. Anagona ku chipatala chaching'ono ndipo anafika ku chipatala chachikulu m'mawa mwake ali ndi agogo ake aakazi, omwe ndiwo anali gadiyani. X-ray inaonetsa kuti fupa la kumtunda kwa mkono lathyokera pamwamba pa chigongono ndipo zidutswa zake zasemphana kotheratu, mtundu wa Gartland 3.

Asanalowe ku fiyeta, magazi amagunda bwino pa mfundo ya dzanja, zala zinali zofunda, ndipo chikhadabo chikapsinjidwa magazi amabwerera masekondi awiri asanathe. Amatha kukumaniza chala chachikulu ndi mkombaphala n'kupanga kabwalo, chizindikiro choti mtsempha woyendetsa zala zimenezi sunavulale. Mtima umagunda ka 100 pa mphindi, kupuma ka 24, kutentha 36.8. Malungo sanapezeke.

Palibe amene analemba nambala ya ululu pa nthawiyi. Ndi chinthu chaching'ono, koma chinachititsa kuti usiku pasakhale choyerekezera: mwanayu akakhala ndi mantha okha amaoneka bwanji, nanga akamamva kupweteka amaoneka bwanji?

Ku fiyeta

Anamwa panado wamadzi 240 mg nthawi ya 10:00. Uwu ndi mlingo wa 15 mg pa kilogalamu, ndipo pa sirapu wa 120 mg mu 5 ml ndi mamililita 10. Anagonetsedwa ndi ketamine 32 mg wa m'mitsempha, atapatsidwa atropine 0.3 mg kuti malovu asachuluke, kenaka mpweya wogonetsa wa halothane. Fupa linabwezeretsedwa osang'amba khungu ndipo linamangidwa ndi mawaya atatu olowera mbali yakunja ya chigongono. Ntchito yonse inatenga mphindi 50. Anaika gauze pa mawaya, thonje, chikhakha cha mbali imodzi kumbuyo kwa mkono, n'kukulunga bandeji yosatamuka. Chigongono chinapindidwa kupitirira pang'ono madigiri 90.

Potsitsimuka

Nthawi ya 12:10 mwana anayamba kuphupha ndi kukuwa. FLACC, sikelo yoyezera ululu poyang'ana khalidwe la mwana, inafika 9 pa 10. Aliyense woona nambala imeneyo amathamangira morphine, koma namwino wa chipinda chotsitsimukira anaona zina: maso anali otsegula koma osayang'ana munthu, agogo atamuitana sanacheuke, ndipo manja amangogwetsa uku ndi uku osalunjika pa chinthu. Mwana amene akumva kupweteka kokha amakuyang'ana, amakukankha dala, amafuna gadiyani wake, amateteza mkono wovulalawo. Uyu samadziwa n'komwe kuti ali ndi mkono wovulala.

Uku ndi kusokonezeka kwa mutu kobwera ndi mankhwala ogonetsa, komwe kumakonda ana a zaka ziwiri mpaka zisanu. Kuli ndi sikelo yakeyake, PAED, yomwe Sikich ndi Lerman anatulutsa mu 2004. Imayang'ana zinthu zisanu, chilichonse kuyambira 0 mpaka 4: ngati mwana akuyang'ana womusamalira m'maso, ngati zochita zake zili ndi cholinga, ngati akuzindikira pomwe ali, kusakhazikika kwake, ndi kusatonthozeka kwake. Zitatu zoyambazo zimawerengedwa chobwerera m'mbuyo, kutanthauza kuti mwana wosayang'ana m'maso ngakhale pang'ono amapatsidwa 4. Ambiri amatenga 10 kupita m'mwamba ngati chizindikiro cha vutoli. Mwanayu anapeza 16. Zitatu zoyambazo ndizo zimasiyanitsa, chifukwa kusakhazikika ndi kusatonthozeka zimapezekanso pa ululu, ndipo mpomwe FLACC ndi PAED zimalowererana.

Choyamba kuchotsa chinali kuperewera kwa mpweya ndi kutsika kwa shuga, poti zonsezi zimaphuphitsa mwana chimodzimodzi. Okosijeni anali 97 peresenti, shuga 5.2 mmol/L. Anagwira mkono kuti mawaya asasunthe, anakweza zitsulo za m'mbali mwa bedi, anachepetsa phokoso, agogo anakhala kumutu. Pofika 12:30 mwana anawayang'ana n'kunena kuti "agogo, dzanja". PAED inatsika kufika pa 5, FLACC inatsala pa 5. Nambala yachiwiriyi ndiyo inali ya ululu. Anapatsidwa morphine wa m'mitsempha 0.05 mg pa kilogalamu, kutanthauza 0.8 mg. Kapangidwe kake nkofunika kukatchula chifukwa apa mpomwe ngozi ya kuchulukitsa kakhumi imachitikira: mililita imodzi ya ampulo ya 10 mg imasakanizidwa ndi mamililita 9 a saline kuti ikhale 1 mg pa mililita, sirinji imalembedwa, ndiye mwana amalandira 0.8 ml pang'onopang'ono. Pofika 12:50 FLACC inali 2.

FLACC imayezedwa bwanji

Sikelo iyi inatuluka mu 1997 ku University of Michigan, kuchokera kwa Merkel, Voepel-Lewis, Shayevitz ndi Malviya, ndipo inayesedwa pa ana a miyezi iwiri mpaka zaka 7 ochokera ku opaleshoni. Zilembo zake zisanu zikuimira mawu a Chingerezi a nkhope, miyendo, kagwedezedwe ka thupi, kulira ndi kutonthozeka. Chilichonse chimapatsidwa 0, 1 kapena 2.

Pa nkhope, 0 ndi nkhope yomasuka kapena yomwetulira. 1 ndi tsinya la apo ndi apo, kapena mwana wongoti ndwii osalabadira kanthu. 2 ndi chibwano chonjenjemera kapena nsagwada zomangika nthawi yambiri. Pa miyendo, 0 ndi yomasuka. 1 ndi yosakhazikika kapena yokungika. 2 ndi kuponya mateche kapena kuifunyira pamimba. Pa thupi, 0 ndi kugona mwachibadwa ndi kutembenuka mosavuta; 1 ndi kuphiriphitha; 2 ndi kupinda msana, kuuma gwaa kapena kudzidzimuka. Pa kulira, 1 ndi kubuula kapena kudandaula mwa apo ndi apo. 2 ndi kulira kosalekeza, kukuwa kapena kusisima. Pa kutonthozeka, 1 ndi mwana amene amatonthola mukamusisita, kumufukata kapena kumulankhula. 2 ndi amene zonsezi sizikumugwira. Zikaphatikizidwa, 1 mpaka 3 ndi kusamva bwino pang'ono, 4 mpaka 6 ndi ululu wapakati, 7 mpaka 10 ndi ululu waukulu.

Zomwe anthu amadumpha ndi kachitidwe kake. Mwana amavundukulidwa kuti miyendo ndi thunthu zioneke. Wamaso amayang'anidwa kwa mphindi ziwiri mpaka zisanu, wogona mphindi zisanu kapena kupitirira. Woyeza amagwira thupi kuti amve ngati lakungika, ndipo ngati nkotheka amamutembenuza pang'ono. Gawo la kutonthozeka silingalembedwe munthu asanayese kumutonthoza. Nambala yolembedwa munthu ali kumapazi kwa bedi, mwana ali m'chitenje mpaka m'khosi, si FLACC ayi. Ndi kuganizira chabe komwe kwavekedwa nambala.

Masana ndi madzulo mu wodi

Dokotala analemba motere: panado 240 mg maola 6 aliwonse potsata wotchi, osadikira kuti mwana alire, bulufeni 160 mg, womwe ndi 10 mg pa kilogalamu kapena mamililita 8 a sirapu wa 100 mg mu 5 ml, maola 8 aliwonse akadya, morphine wakumwa 3 mg ngati FLACC yafika 4 kapena kupitirira, osabwereza maola anayi asanakwane. Morphine wamadzi amabwera wa mphamvu zosiyana, wina 1 mg pa mililita, wina 10 mg pa mililita, choncho pa tchati panalembedwa zonse ziwiri, "3 mg, 3 ml ya botolo la 1 mg/ml". Naloxone, mankhwala othetsa mphamvu ya morphine akachuluka, anawerengedweratu, 0.01 mg pa kilogalamu, kutanthauza 0.16 mg, n'kulembedwa pamwamba pa tchati. Codeine sanalembedwe. Thupi limamusandutsa morphine pa liwiro losiyana kwambiri munthu ndi munthu, ndipo ana ena anamwalira naye atachotsedwa matonsilo; bungwe la FDA ku America linachenjeza mu 2013, ndipo mu 2017 linaletsa kumupereka kwa ana osakwana zaka 12.

Nthawi ya 14:00 FLACC inali 2. Anamwa phala, analandira bulufeni. Nthawi ya 16:00 inali 2 ndithu.

Pa nthawi imeneyi namwino anayesa kumufunsa mwini wake, ndipo anachita bwino kuyesa, chifukwa mwana akatha kunena yekha, mawu ake amaposa maso a womuyang'ana. Anagwiritsa ntchito pepala la nkhope zisanu ndi imodzi la Faces Pain Scale-Revised, la Hicks ndi anzake la mu 2001, lomwe limawerengedwa 0, 2, 4, 6, 8, 10 ndipo limayambira zaka 4. Nkhope zake sizimwetulira ndipo zilibe misozi. Anazijambula dala choncho kuti mwana asasankhe nkhope chifukwa ali ndi chisoni kapena wapukwa kumudzi. Pofotokoza sitinena kuti "uyu wakondwa, uyu wakhumudwa". Timati: "Uyu sakumva kupweteka. Awa akunka namva kwambiri, mpaka uyu akumva kupweteka koopsa. Ndilozere amene akumva ngati mmene ukumvera iweyo panopa." Mwanayu analoza nkhope yomaliza, atafunsidwanso analoza yoyamba, kachitatu analoza yapakati n'kunena kuti ikufanana ndi achimwene ake. Ana ambiri a zaka zinayi amangodziwa zinthu ziwiri, kupweteka ndi kusapweteka. Njira yachidule yodziwira ngati mwana wafikapo ndi kumupatsa timakapu titatu tosiyana kukula kuti atindandalike kuyambira kakang'ono. Akalephera, pepala la nkhope lisungidwe kaye. Uyu analephera, ndipo anapitiriza ndi FLACC.

Nthawi ya 18:00 FLACC inakwera kufika 4. Anamwa morphine 3 ml, ndipo pa 19:00 inabwerera pa 2. Mpaka apa palibe chachilendo.

Nthawi ya 20:30 inali 5, patangotha maola awiri ndi theka chimwereni morphine. Poti maola anayi anali asanakwane, sanapatsidwe kanthu, ndipo m'fayilo munalembedwa kuti "mwana akuvuta". Nthawi ya 22:00 inali 6. Analandira zonse zitatu pamodzi, panado, bulufeni ndi morphine wachiwiri. Kubwereza kuyeza kwa 23:00 sikunachitike. Namwino anali ndi mwana wina wokomoka kumapeto kwa wodi. Nthawi ya 00:00 pa tchati panalembedwa "akugona, FLACC 0".

Pakati pa usiku

Patapita theka la ola agogo anapita pa tebulo la anamwino. "Anesi, pepani ndakusokonezani. Mwanayu sakugona ayi, wangotseka maso. Ndamuuza ndine kuti mwamuna salira, akalira amubaya jakisoni."

Namwino anabwerera, anavundukula chitenje, anayatsa tochi cha pambali n'kukhala mphindi zisanu. Nsagwada zinali zomangika ndipo pamphumi panali thukuta: nkhope 2. Miyendo yokungika, zala zakumapazi zopindika: 1. Thupi louma, mutu wokha ndi womwe umatembenuka, phewa lamanzere osaligwedeza n'komwe: 2. Kubuula kwapansipansi potulutsa mpweya: 1. Agogo akamusisita kumutu amakhala chete kwa kanthawi: 1. Zonse pamodzi 7. Mtima 138, kupuma 30, kutentha 37.2, okosijeni 98 peresenti pa chala cha dzanja lovulala lomwelo.

Anayezanso tulo ndi sikelo ya UMSS, ya ku Michigan komweko, yomwe imayambira 0, wamaso bwinobwino, mpaka 4, wosadzutsika. Pa 1 mwana ali ndi tulo koma amayankha mawu. Pa 2 wagona koma amadzuka mukamukhudza pang'ono. Pa 3 amadzuka pokhapokha mutamugwedeza mwamphamvu. Mwanayu anatsegula maso atangotchulidwa dzina. Sikelo iyi iyenera kuyendera limodzi ndi ya ululu kwa mwana aliyense wolandira morphine, chifukwa tulo tolemera timayamba kupuma kusanatsike, komanso mwana wachete ndi morphine wochuluka ndi mwana wachete ndi ululu onse amaoneka ogona ukamawaonera patali.

Nambala zikandandalikidwa, kusiya 0 wa pakati pa usiku uja, zinali motere: 2, 2, 4, kenaka 2 atamwa morphine, 5, 6, 7. Fupa lothyoka likamangidwa ndi mawaya, ululu umayenera kunka nutsika. Apa umakwera, ndipo mankhwala amanka nachuluka koma nthawi yomwe amagwira imanka nifupika. Madokotala a mafupa a ana amaphunzitsa zizindikiro zitatu za compartment syndrome, vuto la kupanikizika kwa minofu komwe kumatseka magazi, mwa mwana: nkhawa, kusakhazikika, ndi kufuna mankhwala a ululu ochulukirachulukira. Chachitatuchi ndicho chimabwera msanga, nthawi zambiri maola angapo dzanzi, kuyera kwa zala kapena kusowa kwa kugunda kwa magazi zisanaoneke.

Minofu ya pakati pa chigongono ndi dzanja imakhala m'zipinda zokutidwa ndi nembanemba yolimba yosatamuka. Ikatupa, kapena ikafinyidwa kunja ndi bandeji, timitsempha tating'ono todyetsa minofu timatsekeka pomwe mtsempha waukulu ukudutsitsabe magazi kupita ku zala. Nchifukwa chake zala zofunda ndi 98 peresenti pa kamakina ka pachala sizitsimikizira kuti mkono uli bwino. Minofu ikakhala choncho maola 6 mpaka 8 imayamba kufa, ndipo mapeto ake ndi dzanja lopindika ngati chikhadabo cha mbalame, lomwe Volkmann anafotokoza mu 1881.

Clinical officer wa mafupa anafika 00:45. Zala zinali zotupa koma zofunda, magazi amabwerera pa chikhadabo m'masekondi awiri. Anayamba ndi dzanja labwino, kuongola zala pang'onopang'ono: mwana anangoyang'ana. Atachita chimodzimodzi ku dzanja lamanzere, mwana anakuwa n'kupinda msana, FLACC 10. Kuyamba ndi dzanja labwino kuli ndi ntchito. Mwana wamantha amalira mukangomukhudza paliponse, ndiye popanda choyerekezera kulirako sikukuuzani kanthu.

Nthawi ya 00:50 bandeji inadulidwa ndi sizasi kuyambira pa zala mpaka pamwamba pa chigongono, thonje lonse, mpaka khungu kuoneka utali wonse. Kudula bandeji yakunja yokha n'kusiya thonje ndi kulakwitsa kofala. Pa mpindiko wa chigongono panali gauze yomwe inanyowa ndi magazi n'kuuma ngati khungwa, itazungulira kutsogolo konse. Inachotsedwa. Chigongono chinatambasulidwa kufika pa madigiri 70. Mawaya ndiwo agwira fupa, choncho palibe chifukwa choumirira kuchipinda kwambiri, ndipo kupinda kopitirira madigiri 90 kumaonjezera kupanikizika m'minofu ya mkono. Mkono unatsitsidwa pa pilo n'kuikidwa molingana ndi chifuwa, poti kuukweza m'mwamba pa nthawi ngati iyi kumachepetsa magazi olowa. Minofu inali yolimba koma imabonyeka ikapsinjidwa. Mwana anasiyitsidwa kudya ndi kumwa, diripi inayamba pa 52 ml pa ola, a ku fiyeta anadziwitsidwa, ndipo anagwirizana kuti pakatha mphindi 30 popanda kusintha apite kukang'amba nembanemba ija kuti minofu ipume.

Nthawi ya 01:20 FLACC inali 4, mtima 118, ndipo kuongola zala kumangobweretsa tsinya. Nthawi ya 01:50 inali 2, popanda morphine wina. Uwu ndiwo unali umboni wamphamvu kuti vuto linali bandeji: nambala inatsika ndi sizasi. Anayezedwa ola lililonse mpaka kucha, FLACC ali phee ndi FLACC poongola zala, zonse ziwiri. Sizinapitirire 2 ndi 3. Ku fiyeta sanabwerereko.

Pomwe zinakhota

Nambala ya 0 ya pakati pa usiku ndiyo inali yoopsa kuposa zonse, chifukwa inadula mzere womwe umakwera n'kupangitsa aliyense wowerenga tchati kuganiza kuti morphine wachiwiri wagwira. Bola mpata wosalembedwa kusiyana ndi 0 wabodza. Mpata umaoneka kuti ndi mpata.

Komabe tisamukankhire namwino zonse. FLACC yeniyeniyo ili ndi chilema pa mwana wouma ndi ululu. Inapangidwira maola oyamba pambuyo pa opaleshoni, pomwe ana amalira ndi kuphupha. Ululu ukakhalitsa, mwana amatopa, amasiya kulira, amaphunzira kuti kugwedezeka kumapweteka, ndiye amangokhala duu. Woyeza wosazolowera amalemba "wagona mwakachetechete, 0" pomwe kukhudza thupi kukanamuuza kuti ndi "wouma, 2". Onjezerani apo mwambo woletsa mwana wamwamuna kulira ndi chizolowezi choopseza ana ndi jakisoni, mupeza kuti gawo la kulira ndi lomwe limanama msanga. Ichi nchifukwa chinanso chopewera jakisoni wa m'thako ngati njira yoperekera mankhwala a ululu: mwana amabisa ululu kuti athawe singano. Gadiyani afunsidwe funso lolunjika, osati "ali bwanji?" koma "kunyumba akagona amagona chonchi?"

Kukhota kwachiwiri kunali 20:30. Lamulo la maola anayi linatsatidwa bwino, koma linasowa mnzake. Tchati chimanena chochita FLACC ikafika 4, osanena chochita ikafikanso 4 nthawi isanakwane. Pamayenera kulembedwa kuti ululu ukabwerera msanga, kapena nambala ikakwera kawiri motsatizana mwana akulandira mankhwala, aitanidwe dokotala kudzaona mkono. Kupereka morphine sikunali kulakwa ndipo sikubisa vutoli malinga ngati kuyeza kukupitirira. Chimabisa ndi kupereka osabweranso kudzaona. Mankhwala akumwa amafuna kubwereza kuyeza pakatha ola, a m'mitsempha pakatha mphindi 15 mpaka 30.

Mawu oti "akuvuta" asamapezeke m'fayilo. Sauza wobwera pambuyo chomwe chinaoneka.

Nanga makina akanathandiza?

Kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi ndi zomwe anthu amayamba kuganizira akamva za muyeso wosadalira maso a munthu. Zimathandiza ngati mboni yachiwiri basi. Mwa mwanayu mtima unakwera kufika 138 n'kutsika bandeji itadulidwa, ndiye unagwirizana ndi FLACC. Koma m'chipinda chotsitsimukira sukanatiuza kanthu, poti atropine ndi ketamine onse amauthamangitsa. Kutentha thupi, kuchepa kwa magazi, ludzu, mantha ndi chikhodzodzo chodzaza zimachitanso chimodzimodzi, ndipo ululu ukakhalitsa mtima umatha kubwerera mwakale mwana akumvabe kupweteka. Sikelo ya Objective Pain Scale ya Hannallah ndi Broadman, ya m'zaka za m'ma 1980, inaphatikiza kuthamanga kwa magazi ndi khalidwe la mwana, koma kumanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pa mkono wa mwana wamantha kumakweza nambala yomwe ukufuna kuyezayo.

Makina atsopano alipo. ANI, wopangidwa ku Lille ku France, amawerenga mmene mpata wa pakati pa kugunda kwa mtima ukusinthira ndi kupuma, n'kupereka nambala ya 0 mpaka 100. Nambala yokwera ndi thupi lomasuka, yotsika ndi thupi lopanikizika. Ali ndi mnzake, NIPE, wa ana osakwana zaka ziwiri. Ena amamata timawaya pa chikhatho kapena kuphazi n'kuwerenga kasinthidwe ka thukuta la pakhungu. Ena amayeza kukula kwa mwana wa diso. Onsewa sayeza ululu. Amayeza mmene mitsempha yodziyendetsa yokha ikuyankhira chinthu chopweteka. Ku fiyeta, mwana ali mtulo ta mankhwala, pomwe mantha ndi njala palibe, amathandiza wogonetsa kudziwa ngati mankhwala akukwana. Mu wodi, kwa mwana wamaso wolira, sasiyanitsa ululu ndi mantha. ANI amasokonezedwa ndi atropine, kulira ndi kugunda kwa mtima kosalongosoka, ndipo morphine amachepetsa mwana wa diso payekha. Ngakhale akanakhalapo usiku umenewu, akanafunabe munthu woyang'ana nambala ya 20:30 n'kufunsa chifukwa chake.

Ana ena, masikelo ena

FLACC siyenera mwana aliyense. Kwa makanda obadwa kumene pali CRIES, ya Krechel ndi Bildner ya mu 1995, yomwe imawerenga kulira, kufuna okosijeni kuti afike 95 peresenti, kukwera kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, nkhope ndi kusagona. 4 pa 10 imafuna mankhwala. CHEOPS ya ku Ottawa, ya mu 1985, imayambira 4 mpaka 13, ndipo kuyambira pa 4 kumeneko kumasokoneza anthu ozolowera 0 mpaka 10. Ana ali pa makina opumira amayezedwa ndi COMFORT-B. Ana olumala ubongo, omwe thupi lawo limakhala lokungika nthawi zonse, ali ndi FLACC yokonzedwanso ya mu 2006, yomwe ili ndi malo oti kholo lilembetse zizindikiro za mwana wakeyo, monga kudziluma, kuseka kwachilendo kapena kukhala chete mosazolowereka. Kuyambira zaka 8 ana ambiri amatha kutchula nambala pakati pa 0 ndi 10. Mwana wonyentchera kapena wotupikana amakhala wosalabadira ndi kale, choncho nambala yake yotsika isakhulupiriridwe msanga.

Wodi isankhe masikelo ochepa n'kukhala nawo. Anamwino awiri aziyeza mwana mmodzi nthawi imodzi, aliyense payekha, kenaka n'kufananiza. Pomwe asiyana ndi pomwe pali phunziro, ndipo kawirikawiri pamakhala pa nkhope kapena pa kuuma kwa thupi. Danga la FLACC likhale pa tchati chomwecho cha kutentha ndi kugunda kwa mtima. Pepala lapadera limasowa.

Kutuluka ndi kubweranso

M'mawa mwake X-ray inaonetsa kuti fupa silinasunthe. Anaika chikhakha china pa madigiri 70, thonje lokwanira, bandeji yolekerera, kutsogolo kwa chigongono kosafinyidwa. Mwana amapangabe kabwalo ka zala, amatambasula zala zonse ndipo amamva kukhudzidwa pa nsonga zake. Morphine sanafunikenso. Anatuluka tsiku lachitatu ali pa panado ndi bulufeni wa masiku atatu, milingo italembedwa m'mamililita ndipo sirinji yomwetsera itaikidwa chizindikiro.

Kunyumba kuli sikelo ya makolo, PPPM ya Chambers ndi anzake ya mu 1996, ya mafunso 15 oyankha eya kapena ayi, pomwe 6 kupita m'mwamba ndi ululu wofuna chithandizo. Agogo samawerenga, choncho namwino anawafotokozera pakamwa zomwe mafunsowo amayang'ana: kusewera pang'ono kusiyana ndi masiku onse, kukana chakudya, kukhala chete, kukakamira pa munthu, kuteteza malo opweteka, kubuula. Anawaonetsanso kuongola zala, kuyambira dzanja labwino, ndipo anawauza kuti zala zikatupa, zikazizira, kapena kuongolako kukamukuwitsa, asadikire tsiku lolembedwa m'buku.

Mawaya anachotsedwa patatha masabata anayi. Zala zonse zimagwira ntchito, ndipo chigongono chinali chisanayambe kutambasuka mpaka kumapeto, zomwe zimayembekezeka pa nthawiyo. Anapatsidwa tsiku lina patatha masabata asanu ndi limodzi.